Phunziro: Ndege ya Mabomba Yothamanga Kuposa Phokoso Lake

Tsekani makope kaye, ndikuuzani nthawi yolemba ikakwana. Funso la lero lachokera kwa inu nomwe. Mwaona pa foni chindege choyera, champhuno yosongoka, chimene mapiko ake amapindikira kumbuyo chili m'mwamba, ndipo mukufuna kudziwa ngati chilipodi kapena n'chojambula pa kompyuta. Chilipo. Dzina lake ndi Tu-160, amachipanga mumzinda wa Kazan ku Russia, ndipo chidafikapo kuno kummwera kwa Africa. Pa 23 Okutobala 2019 ndege ziwiri za mtunduwu zidatera pa bwalo la asilikali la Waterkloof pafupi ndi Pretoria, zitauluka makilomita 11,000 kwa maola 13. Tsiku lomwelo atsogoleri a mayiko a Africa adali ku Sochi pa msonkhano ndi Vladimir Putin. Musati zidangokumanizana. Ndege yotere imatumizidwa kuti anthu aione, ndipo imakhala itagwira ntchito yake ngakhale isanaponye kanthu. Manambala awiri aja, 11,000 ndi 13, muwasunge m'mutu, tiwafuna posachedwa.

Tiyambe ndi phokoso, chifukwa munthu wosadziwa mmene phokoso limayendera sangamvetse chimene adaisongolera mphuno ndegeyi. Mvula ya Januwale ikamabwera, mumayamba mwaona chiphaliwali, bingu n'kudzagunda pambuyo. Ziwirizi zimabadwa nthawi imodzi, koma kuwala kumafika m'maso mwanu pompopompo, pamene phokoso limachita kuyenda, mamita 340 pa sekondi iliyonse. Mukawerenga masekondi 3 pakati pa kung'anima ndi kugunda, mphenziyo yagwa pa mtunda wa kilomita imodzi. Chulukitsani 340 ndi masekondi 3,600 a mu ola, mupeza makilomita pafupifupi 1,225 pa ola. Kumwamba kumene ndege zimadutsa, pa mamita 11,000, kumazizira mpaka madigiri 56 pansi pa ziro, kuzizira koti Juni wathu wa ku Lichinga ndi masewera, ndipo mu mpweya wozizira chotero phokoso limafooka liwiro, limangoyenda makilomita 1,060 pa ola. N'chifukwa chake akatswiri sakonda kunena makilomita. Amafunsa kuti ndegeyo ikuthamanga kangati poyerekeza ndi phokoso la pamalo pamene ili. Muyesowu adaupatsa dzina la Ernst Mach, katswiri wa sayansi wa ku Austria. Mach 1 ndi liwiro la phokoso, Mach 2 ndi kawiri kake. Tu-160 imafika pa Mach 2, makilomita pafupifupi 2,200 pa ola. Kuchokera pano kukafika ku Maputo, kuwongoka osatsata msewu, ndi makilomita oposa 1,400. Pa liwiro limenelo ndi ulendo wa mphindi 40, phunziro lathuli lisanathe.

Amene mudapitako ku Metangula kapena ku Meponda mudaziona zimene ndinenezi. Bwato lopalasa likamayenda pa madzi odekha, timafunde timathamangira kutsogolo kwake, madzi n'kumapatuka bwatolo lisanafike. Boti ya injini ikatsegula moto, timafunde tija sitithanso kuitsogolera. Madzi amaunjikana pamphuno pake, n'kutuluka funde limodzi lalikulu lotambasukira uku ndi uku, limene limakagwedeza mabwato omangidwa pagombe botiyo itapita kale. Mpweya nawo umatero. Ndege yoyenda mwachifatse imatumiza uthenga kutsogolo pa liwiro la phokoso, mpweya n'kuipatukira. Ikafika pa Mach 1, uthengawo sungaitsogolerenso. Mpweya umadzidzimuka, umapanikizika mwadzidzidzi, ndipo funde la mpweya wopanikizikawo limayenda limodzi ndi ndegeyo. Likadutsa pamudzi anthu amamva kuphulika, magalasi a mawindo n'kusweka. Ambiri amayesa kuphulikako kumachitika kamodzi, pamene ndege yangopyola liwiro la phokoso. Ayi. Ndegeyo imakukoka njira yonse, mudzi uliwonse umene yaudutsa pamwamba umalandira gawo lake. Ku America adayesera zimenezi pa anthu: mu 1964 adagundiza phokosoli pamwamba pa Oklahoma City maulendo 8 pa tsiku kwa miyezi 6, kuti aone ngati anthu angazolowere. Madandaulo adabwera zikwizikwi.

Laling'ono lake mudalimvapo. Ku Angónia kapena ku Dedza, mnyamata wa ngolo akaliza chikwapu m'malere osakhudza ng'ombe, chalira n'chiyani? Nsonga ya chikwapucho yapyola Mach 1. Kwa msilikali tanthauzo lake n'loopsa: ndege yothamanga kuposa phokoso lake siimveka ikamabwera. Ukaimva ndiye kuti yadutsa.

Tsono adavutikiranji kupanga chindege cholemera chothamanga chonchi? Ndege zoponya mabomba zili pawiri. Zina zimathandiza asilikali amene akumenyana pansi, kuseri kwa phiri lomwelo. Zina sizilabadira n'komwe kumene asilikali akuwomberana. Zimalumpha zonsezo n'kupita kutali, kwawo kwa mdani, kukaphwanya mafakitale, madoko, njanji, nkhokwe za mafuta ndi mizinda, kuti dzikolo lisowe mphamvu zopitirizira nkhondo. Zathu lero ndi zachiwirizi. Pa 6 Ogasiti 1945 imodzi mwa izo, B-29, idaponya bomba limodzi lokha pa Hiroshima, mzinda n'kutha. Kuyambira tsiku limenelo funso la akuluakulu a nkhondo lidasintha. Sankafunsanso kuti titumize ndege zingati. Ankafunsa kuti imodziyo ipyola bwanji osagwetsedwa.

Soviet Union idalibe ndege yofanana ndi B-29, koma mu 1944 zingapo zitavulazidwa pomenyana ndi Japan zidakatera m'dziko lake, kufupi ndi Vladivostok. Stalin sadazibweze. Adalamula Andrei Tupolev, munthu amene iye yemwe adam'tsekera m'ndende mu 1937, kuti aziphwasule n'kupanga zofanana nazo ndendende. Idatuluka Tu-4 mu 1947, ndipo mu 1949 bomba la atomu nalonso adakhala nalo. Zilembo ziwiri zimenezo, Tu, ndi chidule cha dzina la Tupolev, ndipo ife a Mozambique tidazidziwa ndi misozi. Ndege imene idagwa pa Mbuzini usiku wa 19 Okutobala 1986, ikuchokera ku Mbala ku Zambia, n'kupha Pulezidenti Samora Machel ndi anthu ena 34, idali Tu-134, ya pasenjala, yochokera m'nyumba yomweyo.

B-29 idali ya mapulopela, yosafika makilomita 600 pa ola. Pa nkhondo ya ku Korea, mu 1951, tindege ta jeti ta MiG-15 tidaigwetsa kwambiri mpaka Amereka adasiya kuitumiza masana. Maganizo a mbali zonse ziwiri adakhala amodzi: tikwere pamwamba kwambiri, tithamange kwambiri, wotithamangitsa atsale. Khomo lidali litatseguka kale, pakuti pa 14 Okutobala 1947 Chuck Yeager adapyola Mach 1 ndi kandege ka Bell X-1. Koma kameneko kadali ka munthu mmodzi, kochita kunyamulidwa ndi ndege ina mpaka kumwamba, ndipo mafuta ake ankatha pa mphindi zochepa. Kuthamangitsa chimodzimodzi ndege yonyamula matani a mabomba ndi mafuta a ulendo wowoloka nyanja, imeneyo idali nkhani ina.

Choyamba kusintha adali mapiko. Phiko lowongoka, lochindikala, limanyamula bwino pa liwiro lochepa, koma likayandikira Mach 1 mpweya umalikankha mwamphamvu, ndege n'kuyamba kunjenjemera. Mjeremani wina, Adolf Busemann, adaonetsa kale mu 1935 kuti phiko lopendekera kumbuyo limachepetsa vutoli, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mbali zonse zidatola nzeru imeneyi. Komabe sizidakwane. Mu 1953 kampani ya Convair idapanga ndege ya F-102, ya mapiko opyapyala opendekera bwinobwino ndi injini yamphamvu, koma idakanika kupyola Mach 1 ikuuluka mowongoka. Yankho lidachokera kwa Richard Whitcomb, amene adalitulukira mu 1952, ndipo ndikufuna mulimvetse chifukwa mutha kuliyesa ndi manja anu. Umbani ndege ya dongo. Tengani ulusi muidule zidutswazidutswa kuyambira kumphuno mpaka kumchira, ndipo pa chidutswa chilichonse muyese kukula kwa pamene mwadulapo. Kumphuno n'pang'ono, kenako pakukulirakulira, koma mukafika pamene pali mapiko kukulako kumalumpha mwadzidzidzi, chifukwa mwadula thunthu ndi mapiko pamodzi. Mpweya wa pa Mach 1 sufuna kulumpha kotero. Ulibe nazo ntchito kuti ichi ndi phiko, ichi ndi thunthu; umangoona kukula konse pamodzi, ndipo umafuna kuti kukulako kukwere pang'onopang'ono n'kutsikanso pang'onopang'ono. Ndiye Whitcomb adati: pamene pali mapiko, finyani thunthu. F-102 adaipanganso ndi chiuno chofinyika, mainjiniya n'kumaitchula kuti botolo la Coca-Cola, ndipo mu Disembala 1954 idapyola Mach 1 bwinobwino. Mphamvu ya injini yokha sikadaiwolotsa. Idawoloka chifukwa cha kaumbidwe.

Iwe kumbuyoko, usagone, tafika pa mafuta, ndipo nkhani yonse yagona apa. Injini ya jeti imameza mpweya kutsogolo, kuupanikiza, kuusakaniza ndi mafuta, kuuyatsa, n'kuulavula kumbuyo. Kuti ndege yolemera ipyole Mach 1, amathiranso mafuta ena mu paipi yotulukira utsi n'kuyatsa moto wachiwiri. Malawi aatali amene mumawaona kumbuyo kwa ndege pa zithunzi ndi amenewo. Mphamvu imakwera ndi theka kapena kuposa, koma mafuta amapita katatu kapena kuposa. Palinso chodabwitsa china: injiniyo singameze mpweya wothamanga kuposa phokoso. Pakamwa pake amaikapo zitseko zosuntha zimene zimauchedwetsa usanalowe, apo ayi injini imatsamwa. Tsono bweretsani manambala aja. Gawani 11,000 ndi 13. Mwapeza chiyani? Makilomita 846 pa ola. Ndege ya Mach 2 ija, pobwera ku Waterkloof, inkayenda pa liwiro la jeti ya pasenjala yonga imene imatera pabwalo lathu lino. Ikamayenda chotero imatha makilomita oposa 12,000; ikadatsegula moto wachiwiri njira yonse sikadafika n'komwe theka la ulendowo. Liwiro lalikululo ndi la mphindi zochepa, polowa pamalo oopsa ndi pothawapo. Wopanga ndege amafuna zinthu zitatu, kuthamanga, kupita kutali ndi kunyamula katundu wambiri, koma chilichonse chimadyera chinzake. Ichi chakoma ichi chakoma, mukudziwa mmene pusi adagwera.

Kutentha nako kumavuta. Mpweya wopanikizika umatentha, moti pa Mach 2 mphuno ya ndege imapyola madigiri 100 ngakhale kunja kukuzizira koopsa, ndipo pa Mach 3 imapyola 300. Aluminiyamu, amene ndege zambiri zimapangidwa naye, amafooka asanafike pamenepo, ndiye pamafunika chitsulo cholimba kapena titaniyamu, zokwera mtengo ndi zovuta kuwotcherera. Mwa njira, mchenga wakuda umene amakumba ku Moma m'chigawo cha Nampula ndi wa titaniyamu yemweyo, ngakhale wambiri umakathera mu penti yoyera.

Ndege ya mabomba yoyamba kufika pa Mach 2 idali ya Amereka, B-58 Hustler ya Convair, imene idauluka koyamba pa 11 Novembala 1956. Idali ya mapiko a ngodya zitatu, injini zinayi, thunthu lowonda moti bomba lidasowa pokhala m'kati. Adachita kulipachika kunsi kwa mimba m'chithanki chimodzi ndi mafuta, choti akafika achitaye chonse n'kubwerera opepukidwa. Anthu ake adali atatu, okhala mondondozana, aliyense m'kachipinda kake. Kudumpha ndi parachuti pa liwiro lotero ndi imfa, ndiye mpando uliwonse adaupangira chigoba chotseka munthu yense asanaponyedwe kunja, ndipo poyesa zigobazo ankaikamo zimbalangondo. Idali yokongola, idaswa mbiri zambiri za liwiro, koma idali yovuta kuyendetsa ndi yodula kusamala. Adapanga 116, ndipo 26 zidawonongeka pa ngozi, pafupifupi imodzi pa zinayi zilizonse, popanda mdani woziwombera. Idayamba ntchito mu 1960, pofika 1970 n'kuipumitsa, isadaponyepo bomba pa nkhondo iliyonse. France nayo idapanga yake yocheperapo, Mirage IV, imene idayamba ntchito mu 1964, koma kuti ifike kutali inkadalira ndege ina yoimwetsa mafuta m'mwamba.

Yankho la Tupolev lidali Tu-22, imene idayamba ntchito mu 1962, ndipo iyi ndiyo idamenyapo nkhondo m'Africa muno. Injini zake ziwiri adaziika pamwamba, patsinde la mchira. Woyendetsa adali mmodzi, sankaona bwino kutsogolo potera, ndipo inkatera ikuthamanga makilomita pafupifupi 300 pa ola. Mipando yothawira inkaponya munthu chotsika pansi. Taganizirani: ngozi zambiri zimachitika ponyamuka ndi potera, ndege ili pafupi ndi nthaka, ndiye mpando wokuponyera pansi ukuthandiza chiyani? Chimene asilikali ankaikondera n'china. Makina oziziritsa chipinda cha oyendetsa ankagwiritsa ntchito madzi osakaniza ndi mowa waukali, malita ambirimbiri, ndipo wotsala ndege ikatera sunkatayidwa. Musaseke, zidachitikadi.

Soviet Union idagulitsa ndegezi ku Iraq ndi ku Libya. Mu 1978 Idi Amin wa ku Uganda adalowerera dera la Kagera ku Tanzania, Mwalimu Nyerere n'kubwezera, ndipo Samora adatumiza asilikali a Mozambique kukathandiza Tanzania. Gaddafi adaima kumbali ya Amin. Mu 1979 Tu-22 ya Libya idatumizidwa kukaphulitsa nkhokwe za mafuta ku Mwanza, m'mbali mwa nyanja ya Victoria. Idaphonya. Mabomba adakagwera kumalo osungirako nyama, ndipo Amin adathawa ku Kampala mu Epulo chaka chomwecho. Ku Chad, pa 17 Febuluwale 1986, Tu-22 ina idakwanitsa kugwetsa bomba pa msewu wonyamukira ndege ku N'Djamena, koma mu Seputembala 1987 inzake itabwera pamwamba pa mzinda womwewo, asilikali a France adaigwetsa ndi mzinga wochokera pansi.

Mzinga wochokera pansiwo ndiwo udathetsa mpikisano, ndipo udali utautha kale zaka 27 m'mbuyomo. Pa 1 Meyi 1960 ndege ya ukazitape ya Amereka, U-2, yoyendetsedwa ndi Francis Gary Powers, inkauluka pa mamita pafupifupi 21,000, kumene jeti za nthawi imeneyo sizikadaipeza. Mzinga wa S-75 udaigwetsa kufupi ndi Sverdlovsk. Mzinga ulibe munthu woti apume, sufuna mafuta obwererera, ndipo umathamanga kuposa ndege iliyonse yonyamula katundu. Nthawi yomweyo mbali zonse zidali zitapanga mizinga ikuluikulu yotha kunyamula bomba kuchoka ku kontinenti ina kukafika ku inzake pa theka la ola. Amereka adali atayamba kale kupanga XB-70 Valkyrie, ya injini zisanu ndi imodzi, ya Mach 3, ya nsonga za mapiko zopindikira pansi. Idauluka mu 1964, idachita zonse zimene adailonjeza, koma ntchito yake idali itatha isadabadwe. Adapanga ziwiri zokha. Ina idawombana ndi kandege kena pa 8 Juni 1966 pojambulitsa chithunzi, anthu awiri n'kufa. Yotsalayo ili m'nyumba yosungiramo zakale ku Dayton.

Kumwamba kutaopsa, adatsikira pansi. Rada imaona mowongoka, siiona kuseri kwa phiri, ndiponso dziko n'lobulungira, ndiye ndege youluka mamita 100 kuchokera pa nthaka imaoneka itayandikira kale. Apa ndipo padabadwira mapiko opindika amene mudawaona pa foni aja. Ponyamuka ndi potera, ndege yolemera imafuna mapiko otambasuka kuti inyamuke isadathe msewu. Pa ulendo wautali imawapendeketsa pang'ono kuti isunge mafuta. Pothamanga imawapindira kumbuyo kwenikweni. Ndege imodzi, maonekedwe atatu. Mtengo wake ndi kulemera, chifukwa mfundo zimene mapikowo amazungulirapo ziyenera kunyamula ndege yonse. Amereka adapanga B-1A ya Mach 2 mu 1974, Pulezidenti Jimmy Carter n'kuiletsa mu 1977 poona kudula kwake, Ronald Reagan n'kuiukitsa mu 1981. Koma onani chimene adachita poiukitsa: B-1B, zimene adapanga 100, adaichepetsa dala liwiro kufika pa Mach 1.25, kuti ivute kuiona pa rada ndi kuti inyamule zambiri. Okha amene adayambitsa mpikisano wa liwiro adayamba kubwerera m'mbuyo.

Tu-160 idauluka koyamba pa 18 Disembala 1981 n'kuyamba ntchito mu 1987. Mkulu wa oipanga adali Valentin Bliznyuk. Kutalika kwake ndi mamita 54, kupitirira pang'ono theka la bwalo la mpira. Mapiko akatambasuka amafika mamita 55.7 kuchoka nsonga ina kukafika inzake, akapindika 35.6, ndipo amaima pa madigiri 20, 35 kapena 65. Ikadzaza imalemera matani 275, ndiye kuti matumba 5,500 a chimanga a makilogalamu 50, ndipo mafuta okha amapyola matani 100. Ili ndi injini zinayi za NK-32 ndi anthu anayi. Msana wake, pamene pamagwira mfundo za mapiko, ndi mtanda wa titaniyamu umene amauwotcherera m'chipinda chochotsedwa mpweya. Kuyera kwake si kwa dyonkho: penti yoyera imabweza kutentha kwa bomba la atomu limene ndegeyo ingaponye. Pabwalo lathu lino singanyamuke itadzaza. Msewu wathu ndi wa mamita pafupifupi 2,500, ndipo Lichinga ali pamwamba, mamita oposa 1,300, kumene mpweya ndi wopyapyala. Mapiko amagwira pang'ono, injini zimameza pang'ono, ndege imafuna msewu wautali kuposa wa kugombe la nyanja yamchere.

Mbiri yake ili ndi zopweteka mtima. Soviet Union itagawanika mu 1991, ndege 19 zidatsalira ku Pryluky m'dziko la Ukraine. Ukraine idalibe ndalama zozisamalira. Zina idaziduladula, imodzi idaiika m'nyumba ya zakale ku Poltava, ndipo 8 idazipereka ku Russia mu 1999 ndi 2000 pobweza ngongole ya gasi. Kuyambira 2022 ndege za mtundu womwewu zakhala zikuwombera mizinda ya Ukraine. Ndipo onani kawomberedwe kake. Kuyambira pamene idalowa nkhondo koyamba, ku Syria mu Novembala 2015, Tu-160 siipita pamwamba pa mdani. Imaima kutali, n'kumasula mizinga youluka yokha makilomita ambirimbiri, iyo n'kubwerera kwawo. Ntchito yomweyi imagwiridwanso ndi Tu-95, nkhalamba ya mapulopela imene idauluka koyamba mu 1952. Ku America nako B-52 ya 1952, yosapyola Mach 1, idakali pa ntchito, pamene B-58 imene idabwera pambuyo pake idapuma kalekale. Ine ndikaona zimenezi ndimati ndalama za Mach 2 zidagula ulemu wambiri kuposa phindu la pa nkhondo. Pa 1 Juni 2025 Ukraine idazembetsa madroni ang'onoang'ono m'malole mpaka kufupi ndi mabwalo a asilikali a ku Russia, n'kutentha ma Tu-95 ndi ma Tu-22M3 ali chiimire pansi. Tu-22M3, ndege inanso ya mabomba ya Tupolev, imathamanga kuposa phokoso, koma itaima pabwalo liwiro lake ndi ziro.

Nanga kwathu kuno? Mozambique sidakhalepo ndi ndege ya mabomba yopita kutali. Zothamanga kuposa phokoso zimene tidakhala nazo ndi MiG-21, tindege ta munthu mmodzi tochokera ku Soviet Union m'zaka za m'ma 1980, timene tinkakhala ku Beira ndi ku Nacala. Ndipo ndege zambiri zimene zidakhetsa mwazi m'dziko lino sizidali zothamanga ayi. Mzinda uno udakali Vila Cabral, bwalo lathuli lidali limodzi mwa malo amene ndege za nkhondo za Apwitikizi zinkanyamukira. Yodziwika kwambiri idali T-6, ya pulopela imodzi, imene idapangidwa m'zaka za m'ma 1930 kuti iziphunzitsira oyendetsa ndege, yongopitirira pang'ono makilomita 300 pa ola. Kenako zidabwera jeti za Fiat G.91 ku Nacala ndi ku Tete, nazonso zosafika pa Mach 1. Mu Julayi 1968 Frelimo idachita msonkhano wake waukulu wachiwiri ku Matchedje, m'Niassa mommuno; ndege za Apwitikizi zidayesa kuphulitsa malowo, koma msonkhano sudalephereke. Pa 23 Novembala 1977 ndege za Rhodesia zidaukira msasa wa ZANLA, asilikali omenyera ufulu wa Zimbabwe, ku Chimoio. Zoponya mabomba zidali Canberra, zopangidwa ku Britain, za mtundu umene udauluka koyamba mu 1949. Popeza sizikadatha kutsogolera phokoso lawo, adachita chinyengo: adayamba atumiza ndege yaikulu ya katundu kudutsa pamwamba, anthu n'kuthawira kobisala, ataona kuti palibe chachitika n'kutulukanso. Phokoso lachiwiri litamveka ambiri sadathawe. Adafa anthu oposa 1,000, kuphatikizapo amayi ndi ana, ndipo patapita masiku awiri adakachitanso chimodzimodzi ku Tembué m'chigawo cha Tete. Kumene kulibe rada ndi mizinga, ndege yakale yotsika mtengo imakwana.

Tsopano tsegulani makope mulembe ntchito ya kunyumba. Loyamba: njanji yochoka ku Lichinga kukafika ku Cuamba ndi makilomita 262. Ndege yothamanga makilomita 2,200 pa ola ingatenge mphindi zingati pa mtunda umenewu, nanga phokoso loyenda mamita 340 pa sekondi lingatenge zingati? Muonetse njira yonse, yankho lokha sindichonga. Lachiwiri: jambulani Tu-160 kawiri mukuiyang'ana kuchokera pamwamba, mapiko ali pa madigiri 20 ndi pa 65, ndipo mulembe pansi pa chilichonse nthawi imene woyendetsa amawaika chotero ndi chifukwa chake. Lachitatu ndi la amene muli ndi agogo amene adali ku Sanga, ku Lago kapena ku Mavago nthawi ya nkhondo: mukawafunse mwaulemu kuti ndege ankaimva itatsala mtunda wotani, ndiponso ankabisala kuti. Akapanda kufuna kuyankha musawakakamize. Makope ndilandira Lolemba m'mawa.